Chinangwa M'buku la Afalansa

Ku Chamboli, mu mzinda wa Kitwe, mukafunsa nyumba ya a Jairus Daka, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mukangoti mukufuna kwa a Bonzu, ngakhale mayi wogulitsa makala pamphambano akulozerani ndi mlomo: nyumba yakale ya mgodi ija, ya mtengo wa mapeyala kumaso. Dzinali anawapatsa ndi ana a sukulu ku Kitwe konkuno, chifukwa m'mawa uliwonse ankalowa m'kalasi ndi moni wa Chifalansa wakuti bonjour, ndipo dzina lopatsidwa ndi ana a sukulu limakakamira kuposa la ubatizo.

Anabadwira m'Chamboli momwemo. Bambo awo anachokera ku Katete, chigawo cha kum'mawa, kudzagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo anabwera ndi zinthu ziwiri zimene sanazitaye mpaka imfa: mpingo wa Reformed ndi Chichewa. Pakhomo pawo Chibemba chinkathera pa geti. Mwana akalowa nacho m'nyumba ankamubweza kuti akachisiye kumene wachitola. Choncho Jairus anakula ndi zilankhulo ziwiri, chapakhomo ndi chamumsewu, ndipo atalowa sukulu anawonjezerapo Chingerezi. Chifalansa anachipeza mwangozi. Kuseri kwa nyumba yawo kunkakhala telala wina wochokera ku Lubumbashi, amene wayilesi yake sinkadziwa kupuma. Anzake ankamverako nyimbo n'kumavina, koma iye ankadikira kuti nyimbo ithe amve muulutsi uja akulankhula ngati munthu wochukucha madzi kukhosi. Zinamukomera zimenezo. Anazilondola mpaka kukoleji ya aphunzitsi, n'kutulukako ndi pepala lophunzitsira Chifalansa.

Zaka zonse za ntchito yawo a Daka anathera pophunzitsa ana amene sankachifuna Chifalansacho. Anawo ankati kodi tikachilankhula ndi yani, poti ngakhale a ku Kongo obwera ku msika wa Chisokone amagula zinthu m'Chibemba kapena m'Chiswahili. A Daka sankakwiya, ankangokweza mphuno pang'ono n'kupitiriza kulemba pa bolodi. Tisabise, kamatama anali nako munthuyu. Sikanali ka zovala kapena ka galimoto ayi, poti galimotoyo sanakhalepo nayo. Kanali ka munthu amene amadziwa chinthu chimene anzake sachidziwa, ndipo akudikira tsiku limene dziko lidzamuzindikire.

Mnzawo wapamtima anali a Phillip Chisanga, Mbemba wobadwira ku Kitwe konkuno. Mlendo akanawamva awiriwa akulankhulana, akanathamangira kupolisi. Kuno ku migodi Abemba ndi anthu a kum'mawa ndi ambuya, ndipo chimbuya ndicho chilolezo chonyozana popanda mlandu. Mbemba amati iwe wodya mbewa, wakum'mawa n'kubweza kuti iwe wodya anyani, nkhani n'kuthera m'kuseka. Pamaliro ndiye pamene chimbuya chimaonekera bwino. Akamwalira wakum'mawa, Abemba ndiwo amagwira ntchito yonse, kuwaza nkhuni, kuphika, kukwirira manda, ndipo akatha amapaka ufa kapena paudala wakum'mawa aliyense amene amupeza, kaya wavala suti yamtundu wanji. Wopakidwayo sakwiya. Ufa umenewo ndi umboni wakuti uli nawo anthu odzakuika ukadzafa.

"Iwe kapolo wanga, mbeba za lelo wadya zingati?" ankatero a Phillip akangotulukira pa geti, m'Chinyanja chothyola dala.

"Nadya zamene unasiya iwe, we kolwe," ankabweza a Daka, kuwatchula nyani m'Chibemba chawo chomwe.

Kuyambira ali anyamata okankha mawilo a njinga m'misewu ya Chamboli mpaka imvi zitamera, palibe tsiku limene a Phillip anawaitanapo mnzawoyo kuti a Daka.

A Phillip anali kalaliki mu ofesi ya kampani ina ya mgodi. Mtengo wa mkuwa utagwa, kampaniyo inachotsa anthu ambiri ntchito, ndipo iwo anali m'gulu lomwelo. Anzawo ena anapita kukalima, ena anayamba kugulitsa zovala za kaunjika zimene kuno amati salaula, ena mowa unawamaliza. A Phillip sanavule tayi. M'mawa uliwonse ankavala shati yosita, kupukuta nsapato, kunyamula chikwama chawo chachikopa, n'kukwera minibasi ya kutauni. Kumeneko ankakhala pa benchi ya telala wina ku Chisokone n'kumawerenga nyuzipepala ya dzulo. Munthu akawafunsa za ntchito ankakonza tayi n'kuyankha m'Chingerezi cha mu ofesi kuti, "I am merely awaiting redeployment," kutanthauza kuti akungodikira kuti mabwana awaike pa mpando wina. Chamboli yense ankadziwa kuti mpandowo kulibe. Koma anthu ankawasiya nazo, chifukwa kuno aliyense ali ndi m'bale wake amene mgodi unamutafuna n'kumulavula.

Mai Annet, akazi awo a Daka, atamwalira, a Phillip ndiwo anayendetsa maliro onse. Kumanda anawapaka a Daka ufa m'mutu mpaka m'makutu, ali pakati pa kulira, n'kuwauza kuti, "Leka kulila iwe, ba Annet bathawa mbeba zako." A Daka anaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunawalimbitsa mtima.

Anthu atabalalika, mwana wawo wamkazi Chiyanjano atabwerera ku ntchito kwake ku Ndola, nyumba ija inawakulira. A Phillip anayamba kudzera pakhomopo masana aliwonse pochokera kutauni. Tsiku lina anapeza kuti mnzawo sanasonkhe moto chiyambire dzulo lake. Anaika patebulo chikwama chija, chimene panalibe munthu anachionapo chili chotsegula, n'kuchitsegula. Munalibe ngakhale pepala limodzi la ofesi. Munali chinangwa chootcha ndi mtedza wokazinga, zokulunga m'nyuzipepala.

"Ndiye ma file yanga aya," anatero, osamuyang'ana mnzawo kumaso. "Idya. Ngakhale ba Beatrice sibaziba."

Mai Beatrice ndi akazi awo a Phillip, ndipo a Phillip ankawauza kuti masana amadya ndi anzawo akale a ku ofesi. A Daka ndi a Phillip anadya chinangwacho awiriwo, ndipo tsiku limenelo panalibe wonyoza mnzake.

Tsono nkhani ya buku. A Daka anali ndi buku lina la Chifalansa limene analipeza ali kukoleji, lolembedwa kalekale ku Falansa kukadali mafumu. Linali buku lachipongwe. Linkaseka ansembe okonda mimba zawo, madokotala opha odwala ndi mawu ataliatali, ndi olemera amene nzeru zawo zonse zinali m'zipewa. Linamasuliridwapo m'Chingerezi makedzana, koma Chingerezi chake chinali choti munthu awerenge atavala jekete, ndipo nthabwala zonse zinafera m'njira. A Daka ankati ndi mlandu kuti buku loseketsa chotero anthu aziliwerenga nkhope zili ndwii. Atapuma pa ntchito, nyumba ili zii, anaganiza zolimasulira mwatsopano m'Chingerezi chimene anthu amalankhula masiku ano.

Kagwiridwe kawo ka ntchitoyi kanali kawokawo. Ankawerenga chiganizo cha Chifalansa mokweza, kutseka dikishonale, n'kudzifunsa kuti kodi muno m'Kitwe ndani angalankhule chonchi. Dokotala wa m'bukumo anamupatsa Chingerezi cha anthu aja ogulitsa m'mabasi mankhwala ochiza matenda onse. Wansembe anamupatsa cha alaliki a pa siteshoni. Ankayenda m'Chisokone makutu ali tcheru, kutola mawu ngati nkhuku pa mphale, ndipo ntchito inkayenda. Eni ake mawuwo sankawadziwa maina, choncho panalibe amene akanapwetekedwa.

Kenako anafika pa mutu wonena za mlonda wa pachipata cha bwana wina wolemera. Mlondayo anamuchotsa ntchito, koma m'mawa uliwonse ankavalabe chijasi chake cha mabatani onyezimira n'kukaima pafupi ndi chipata chija, atanyamula thumba limene ankati muli makalata a bwana, chonsecho munali mkate wouma. Mutu umenewu unawavuta a Daka. Analemba, kufufuta, kulembanso, koma mlondayo ankangokhala ngati chidole cha dongo. Ndiye masana ena, ali chigwirire cholembera, a Phillip anatulukira pa geti, tayi pakhosi, chikwama m'manja. A Daka anamva mtima wawo ukudumpha ngati wa mlenje woona nyama.

Sabata imeneyo analemba ngati munthu wogwidwa ndi mizimu. Chijasi chinasanduka tayi. Thumba linasanduka chikwama chachikopa. Mlonda uja akafunsidwa za ntchito anayamba kukonza tayi n'kuyankha ndi mawu a a Phillip enieni aja. Atafika pa mkate wouma, dzanja linaima pang'ono. Apa tinene zoona, poti a Daka eni ake sakana: anadziwa. Kamtima kena kanawauza kuti chinangwa chija anakupatsa uli m'maliro, si chako choti ugawire anthu. Koma kamtima kena, kaja ka matama, kanayankha kuti mkate wouma ndani angauseke ku Kitwe, komanso Phillip ndi mbuya wako, ndipo mbuya sakwiya. Analemba chinangwa chootcha ndi mtedza, zokulunga m'nyuzipepala ya dzulo. Atawerenga mokweza anaseka okha m'nyumbamo mpaka kutsokomola.

Chiyanjano ali ndi mnzake dzina lake Belinda, amene amasonkhanitsa anthu okonda mabuku Loweruka lina masana, pa kapinga wa malo ena odyera ku Northrise, ku Ndola. Belinda atawerenga mitu ingapo anapempha kuti a Daka adzawerengere anthuwo. Tsiku lija ankalidikira moyo wawo wonse linali litakwana. Anauza a ku mpingo, anauza aneba, ndipo anthu a ku Chamboli anadzaza minibasi kupita kukaona Bonzu wawo akutchuka. Koma a Phillip, a Daka anawaitana okha ndi pakamwa pawo.

"Ubwele, nakuikamo mu buku," anatero a Daka.

"Ine mu buku ya bazungu? Wakambamo kuti ndine bwana wako?"

"Uzamvela kwamene uko. Ukonzekele chabe kuyankha."

M'maganizo mwawo zikanayenda monga zimayendera pamaliro kapena paukwati. Iwo aponya, a Phillip aimirira n'kubweza za mbewa, anthu aseka onse awiri, aliyense n'kupita kwawo atakhuta kuseka.

A Phillip anakhala kutsogolo pamodzi ndi mai Beatrice, chikwama chili pamiyendo. Za dokotala anthu anaseka, za wansembe anaseka mpaka ena kupukuta maso. Pofika pa mlonda uja, ophunzira a ku yunivesite ndi a m'maofesi a m'Ndola ankaseka mlonda wa ku Falansa. Koma a ku Chamboli atangomva za tayi ndi chikwama anayamba kugundana zigongono. Mlondayo atanena mawu ake a Chingerezi aja, chikhakhali chinaphulika, ndipo makosi onse anatembenukira kutsogolo. A Phillip anamwetulira n'kugwedeza mutu, ngati munthu wovomera kuti nkhonyayo yalowa ndipo akukonza yake. A Daka ataona kumwetulirako analimba mtima. Anakweza mawu n'kuwerenga za chinangwa.

Anthu anagwa nako kuseka. Bambo wina wa ku Chamboli, amene anali atalawa kale kamowa, anafuula m'Chibemba kuti, "Ba Phillip, isuleni icola tumone!" kuwauza kuti atsegule chikwama anthu aone. Mai Beatrice sanaseke, anangoyang'ana pansi. A Phillip anaika manja onse awiri pamwamba pa chikwama chija, monga mayi amaphimbira khanda pamphepo. A Daka anawaona manja amenewo. Anaima kaye, kudikira kuti mnzawo aimirire abweze. Sanaimirire. Masamba ena anali adakalipo oti awerenge, ndipo anawawerenga anthu akusekabe, mafoni ali m'mwamba kujambula.

Atamaliza, anthu anaomba m'manja n'kundandana kuti awagwire chanza. A Phillip nawo anaima pamzerewo. Atafika anapereka dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, mawondo atapinda pang'ono, monga amachitira munthu kwa apongozi ake.

"Mwabombeni, ba Daka," anatero, kuwayamikira ntchito m'Chibemba chaulemu. "Congratulations."

Mwano uliwonse a Daka akanaulandira ndi manja awiri, koma ulemu umenewo unawavula pagulu.

Pofika Lolemba zimene anajambula anthu zija zinali zitayenda m'mafoni a Chamboli yense. Anyamata oitanira minibasi anayamba kufuula kuti ba Redeployment akaona a Phillip akubwera, ndipo mayi wina wootcha chinangwa ku Chisokone anawafunsa moseka ngati awakulungire ma file a lero. Sipanapite nthawi a Phillip anasiya kupita kutauni. Tayi anavula. Ankangokhala kuseri kwa nyumba yawo atavala sikipa yakale, kuyang'ana mabedi a ndiwo zamasamba za lepu a akazi awo. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma a Daka anali atabwera ndi chokupizira.

Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti anthu sankawadzudzula. Ankawayamikira. Ku tchalitchi akangotuluka, wina ankawagwira dzanja n'kunena kuti aphunzitsi, mwatiseketsa, ba Phillip mwabalemba ndendende. A Daka ankangoti zikomo, maso ali pa nsapato zawo. Ku Chisokone anasiya kupitako, poopa kudutsa pa benchi ija n'kuiona ili yokha. Masana, nthawi imene geti linkalira, ankapezeka atatchera khutu, kenako n'kukumbukira. Manyazi amene anawagwira sanali otha ndi kugona. Ankadzuka nawo, kudya nawo, ndipo akakumbukira manja aja ali pamwamba pa chikwama ankalankhula okha mokweza ngati munthu amene waponda khala la moto.

Pomaliza analimba mtima n'kupita kwa a Phillip. Kale akafika kumeneko ankalowera kukhitchini n'kuvundukula mapoto. Tsiku limeneli anawalowetsa pa khomo lakutsogolo, kuwakhazika pa mpando wa alendo, ndipo mai Beatrice anatulutsa makapu aja a m'kabati yagalasi amene amadikira abusa. A Phillip anafunsa za Chiyanjano, anakamba za kuzimazima kwa magetsi, ndi za mvula imene yachedwa. A Daka anayesa kuponya nyambo.

"Iwe kolwe, ungonkhala pa nyumba masiku yano, mitengo yasila?" anatero, kuwafunsa ngati mitengo yokwera anyani yatha.

"Imwani tea, ba Daka, izazizila," anayankha a Phillip mofatsa.

A Daka anaika kapu pansi. "Phillip, nalakwa. Nenze naganiza ni chimbuya."

"Palibe mulandu, mukwai. Buku ni yabwino. Munalemba bwino maningi."

Panalibe chogwira. Munthu wokalipa umatha kumugwadira, koma wokuuza kuti palibe mlandu wakutsekera chitseko n'kukusiya panja ndi kupepesa kwako. A Daka anamaliza tiyi uja n'kutsanzika.

Mai Beatrice anawaperekeza mpaka pa geti. Atafika pamenepo anaima, kuyang'ana kunyumba ngati amuna awo akumva, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ba Daka, ine ndine mu Bemba, chimbuya nichiziba. Mbeba mumadya imwe bonse ba kum'mawa, kolwe ni ya ise bonse. Koma chija chinangwa chenze cha munthu umozi. Elo mbuya amakamba pamenso, munzake ayankha. Manje ba Phillip bazayankhila kuti? Balembe buku yao?"



"Muganiza sinenze kuziba vamene vili mu chola?" anapitiriza mayiwo. "Ndine nimawasha ma shati, makoko ya nshaba yamasala mu thumba. Zaka zonse izi nenze chabe zii, kuti mwamuna wanga azichoka pa nyumba monga mwamuna. Manje baziba kuti niziba. Imwe munalephela chani kunkhala zii?"

Anatseka geti mwakachetechete n'kubwerera m'nyumba. A Daka anayenda wapansi mpaka kwawo, ndipo anthu amene anawapatsa moni m'njira sanawamve.

Atafika anatenga mutu uja n'kuuvula zonse. Tayi inabwerera kukhala chijasi, chikwama chinabwerera kukhala thumba, chinangwa chinabwerera kukhala mkate wouma. Belinda atawerenga anaimba foni modandaula.

"Ba uncle, chapter yafa iyi. Ija yoyamba ndiye yenze best mu buku yonse."

"Niziba, mwana wanga," anayankha a Daka. "Isiye ife."

Ndipo ankadziwadi. Apa ndiye panali manyazi ena achiwiri, amene sanauzepo ngakhale Chiyanjano mpaka patapita nthawi. Mutu woyamba uja anali adakaukumbukira wonse pamtima. Nthawi zina akusamba kapena akusesa masamba a mapeyala, chiganizo china cha m'menemo chinkawabwerera, n'kupezeka akumwetulira chifukwa cha kukoma kwake. Akazindikira kuti akumwetulira ankadzida. Pa ntchito yonse ya moyo wawo, chinthu chimene anachichita bwino kuposa zonse chinali chomwecho chimene anamulasa nacho mnzawo. Kufufutako sikunathandizenso kanthu, poti madzi akatayika saoleka, ndipo m'mafoni a anthu mawu awo anali adakawerengabe za chinangwa.

Buku analimaliza. Lili m'kabati, ndipo Chiyanjano akafunsa kuti alitumize liti kwa osindikiza, amayankha kuti pali zina zofunika kukonza.

Mvula itayamba, anamwalira a Timothy, mkulu wa mpingo wa Reformed ku Chamboli, wochokera ku Petauke. Anali maliro a kum'mawa, choncho ntchito inali ya Abemba. A Daka atamva uthengawo analira mkulu mnzawo, koma tisabisenso apa, pansi pa chisonicho panali kachiyembekezo. Anadziwa kuti a Phillip sangajombe pamaliro otere, chifukwa chiyambire palibe wakum'mawa amene anaikidwa ku Chamboli iwo osagwirapo fosholo. Pamaliro mwambo ndi mwambo. Mbuya angakwiye chotani, ufa sasankha mutu. Anatulutsa suti yawo yakuda, yomwe ija anavala poika mai Annet, n'kuipukuta bwinobwino ndi bulashi.

Kumanda a Phillip analipo, opanda tayi, opanda chikwama, manja a shati atapinda. Anakwirira manda pamodzi ndi Abemba anzawo. Nkhata zitaikidwa, abusa atatseka ndi pemphero, phokoso la chimbuya linayamba. Amayi a Chibemba anatulutsa mabotolo a paudala m'zitenje, amuna anatapa ufa m'mapepala apulasitiki, ndipo akum'mawa anayamba kuthawathawa mwachiphamaso pakati pa manda, akuseka misozi isanaume. Mlembi wa mpingo anamuyeretsa ndevu. Amayi a chigwirizano anawathira m'maduku. Ngakhale Chiyanjano, amene anabwera ndi tsitsi lokonzedwa ku saluni, anamugwira n'kumusandutsa gogo.

A Daka sanathawe. Anakaima pa kanjira kotulukira, poonekera, pamene munthu aliyense ankayenera kudutsa. Amayi aja a paudala ankawalambalala, poti Chamboli yense amadziwa kuti mutu wa a Bonzu uli ndi mwini wake. A Daka anaona a Phillip akubwera, dzanja lili mbuu ndi ufa, akupaka uyu, kunyoza uyo, mawu awo akale aja atabwerera. Atatsala pang'ono kufika, a Daka anavula magalasi awo n'kuwaika m'thumba, monga ankachitira nthawi zonse kuti ufa usalowemo. Anaweramitsa mutu pang'ono n'kutsinzina.

Anamva nsapato zikuima patsogolo pawo. Anadikira. Atatsegula maso anaona a Phillip akupukuta dzanja lija pa buluku lawo, mosamala, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka ufa wonse utachoka. Kenako analipereka, lamanzere litagwira pachigongono.

"Mwalosheni mukwai, ba Daka," anatero, kuwapepesa maliro monga amapepesera mlendo.

A Phillip anapitirira. Patsogolo pang'ono anagwira dikoni wina wa ku Chadiza n'kumukhuthulira ufa wonse wotsala m'kolala, akumufunsa ngati mbewa za kwawo zimamva nyimbo za maliro.

A Daka sanapite kunyumba ya siwa kukasamba m'manja ndi anzawo. Anabwerera okha wapansi, magalasi ali m'thumba momwemo, njira ikuoneka mwachimbuuzi. M'misewu munali akum'mawa ochokera kumanda, mitu ili mbee, mapewa ali mbuu, akukung'unthana ufa uku akuseka. Pamphambano paja mayi wogulitsa makala anadzutsa mutu, anayang'ana suti yakuda ija kuyambira pa kolala mpaka kumiyendo, yopanda ngakhale kadontho, n'kudabwa.

"Ba Bonzu," anafunsa, "kanshi simunayende ku malilo ya ba Timothy?"